Lipoti la masheya a eBay, 1998 mpaka 2009: kampani inakuladi, nanga ogula masheya anapezanji?

Ntchito yanga ndi yolangiza anthu komwe angaike ndalama zawo kuti ziswane, ndipo pali funso lomwe silitha mwezi osandipeza. Posachedwapa analifunsa ndi bambo wina amene anali atangolandira kumene ndalama za penshoni. Anakhala pampando, chipewa pabondo, n'kutambasula nyuzi yomwe anaipinda kanayi, chala chili pa dzina la kampani ina yomwe masheya ake anali atakwera kwambiri.

"Achimwene, kampaniyi ikukula, aliyense akuona. Ndiye mukuti ndidikire chiyani?"

Sindinawatsutse, chifukwa kampaniyo inkakuladi. Ndinangotsegula kabati n'kutulutsa fayilo ya eBay, kampani ya ku America ya tsamba la okushoni pa intaneti, fayilo yomwe ndimaphunzitsiranso achinyamata akamayamba ntchito pa ofesi pathu. Ndimaikonda nkhaniyi chifukwa anthu amene ankati "kampaniyi ikula" sanalakwitse. Inakula kuposa momwe iwo eni ankaganizira. Komabe mwa anthu omwewo ena analemera, ena anangobweza ndalama zawo patatha zaka khumi, ena anapsa manja. Lipotili likutsata momwe zimenezi zinachitikira.

Malonda ake enieni

Pierre Omidyar, katswiri wolemba mapulogalamu a kompyuta ku California, anatsegula tsambali mu September 1995 ndipo analitcha AuctionWeb. Chimodzi mwa zinthu zoyamba kugulitsidwapo chinali kachipangizo kolozera ka laser kothyoka, komwe kanapita pa $14.83. Omidyar atalembera wogulayo kumukumbutsa kuti kachipangizoko n'kakufa, anayankhidwa kuti iye amatolera zakufazo. Nkhani ina yomwe inafala kwambiri, yoti tsambali analipangira bwenzi lake lomwe linkatolera tizidole ta maswiti a Pez, inadzadziwika pambuyo pake kuti inapekedwa ndi ofalitsa nkhani a kampaniyo kuti atolankhani akopeke. Ndimaitchula dala, chifukwa anthu ambiri anagula masheya akuibwereza ngati yoona.

Ife mawu oti okushoni timawadziwira ku fodya. Mwini okushoni salima, sagula fodya, ntchito yake n'kukumanitsa mlimi ndi ogula, kenako n'kudula kangachepe pa belo lililonse. Koma ku Kanengo kapena ku Limbe pamafunika chinyumba, malole amafola panja, ndipo msika umatsegulidwa ndi kutsekedwa ndi nyengo. eBay inachotsa zonsezo. Katundu ankakhala kunyumba kwa wogulitsa. Kujambula chithunzi, kulemba malongosoledwe, kumanga phukusi ndi kupita nalo ku positi ofesi zonse zinali za wogulitsa yemweyo. Ngakhale ntchito yolondera akuba inagawidwa kwa makasitomala: kuyambira 1996 wogula ndi wogulitsa ankapatsana ndemanga poyera akamaliza malonda, ndipo mbiri imeneyo inkatsatira dzina la munthu kulikonse patsambalo.

Malipiro ake anali otere. Kuika katundu pamsika kunali pakati pa masenti 25 ndi $2. Akagulidwa, kampani inkadula 5 peresenti pa $25 yoyamba, 2.5 peresenti kuchokera pamenepo mpaka $1,000, ndi 1.25 peresenti pa zotsala. Munthu akagulitsa wailesi yakale pa $100, eBay inkatengapo $3 ndi timasenti, kuphatikiza ya poika ija. Ndi ndalama yochepa, koma pa dola iliyonse yolowa, masenti opitirira 80 ankatsala akalipira zoyendetsera tsambalo. Palibe golosale kapena holoselo yomwe ingafike pamenepo. N'chifukwa chake kampaniyi inkapanga phindu kuyambira ili yakhanda, chinthu chomwe makampani anzake a pa intaneti a nthawi imeneyo ankangochimva m'maloto.

Mu 1996 inalowetsa $372,000. Mu 1997 inalowetsa $5.7 miliyoni, ndipo chaka chomwecho kampani ya Benchmark Capital inaikamo $6.7 miliyoni, dzina n'kusinthidwa kukhala eBay. Mu March 1998 anabweretsa Meg Whitman kuchokera ku Hasbro kuti akhale mkulu wa kampani.

Tsiku lolowa pamsika

Nthawi yomwe anasankha inali yoipa. Mu August 1998 dziko la Russia linalephera kubweza ngongole zake, misika ya masheya inagwedezeka, ndipo makampani omwe ankafuna kulowa pamsika anayamba kubwerera m'mbuyo. Pa 23 September, mabanki akuluakulu anasonkhanitsidwa ku New York kuti apulumutse thumba la Long-Term Capital Management lomwe linali pafupi kugwa. Mawa lake, pa 24 September 1998, eBay inalowa pa msika wa masheya wa Nasdaq motsogozedwa ndi banki ya Goldman Sachs. Inagulitsa masheya 3.5 miliyoni pa $18 imodzi, n'kupeza pafupifupi $63 miliyoni. Pofika madzulo sheya inali pa $47 ndi timasenti, kukwera ndi 163 peresenti tsiku limodzi.

Pali zinthu ziwiri pano zomwe nyuzi sizinkazikweza. Choyamba, $18 ija sinali ya aliyense. Inali ya makasitomala akuluakulu a mabanki omwe ankayendetsa malondawo. Munthu wamba yemwe anadikira kuti msika utsegule anapeza mtengo uli kale pamwamba pa $50, ndipo patangotha milungu iwiri, msika wonse utagwedezekanso kumayambiriro kwa October, sheya yakeyo inali pansi pa $30. Chachiwiri, kampaniyi inali ndi masheya pafupifupi 40 miliyoni, koma omwe anaikidwa pamsika sanakwane n'komwe gawo limodzi mwa magawo khumi. Otsalawo anali m'manja mwa Omidyar, mnzake Jeff Skoll, a Benchmark ndi akuluakulu ena, omwe sankaloledwa kugulitsa kwa miyezi ingapo. Katundu akachepa ogula ali khwimbi, mtengo sufunsa nzeru. Ndipo ogula anali khwimbidi, chifukwa inali nthawi yomwe anthu wamba ku America anayamba kugula masheya okha pa kompyuta kudzera ku E*Trade ndi Ameritrade, ena kugula m'mawa n'kugulitsa masana.

Chaka cha 1998 chinatha sheya ili pa $241. Kuchulukitsa ndi masheya onse, msika unkati kampaniyi ndi ya pafupifupi $9.7 biliyoni. Chaka chimenecho inalowetsa $47.4 miliyoni ndipo phindu lake linali $2.4 miliyoni. Kunena kwina, wogula pa mtengo umenewo ankalipira pafupifupi $4,000 pa dola iliyonse ya phindu la pachaka. Makampani okhazikika nthawi zambiri amagulidwa pa $15, $20, mwina $25 pa dola iliyonse ya phindu. Mu January 1999 Alan Greenspan, mkulu wa banki yaikulu ya America, anauza aphungu a Senate kuti kugula masheya a makampani a pa intaneti kunali ndi kafungo ka lotale: ochepa adzapambana kwambiri, ambiri adzagwa.

Zomwe mbali ziwirizi zinkanena

Okayikira anali ndi mfundo zolemera, ndipo ndikanakhala pa desiki mu 1998 ndikukhulupirira ndikanakhala mbali yawo. Ankati uwu ndi msika wa zakale basi, wa masitampa, ndalama zachitsulo, makhadi a osewera mpira ndi tizidole ta Beanie Babies tomwe anthu anali atapenga nato nthawi imeneyo. Misala ya tizidole ikatha, atsala ndi chiyani? Ankatinso pulogalamu yoyendetsa okushoni si yovuta kulemba, kotero akuluakulu ngati Yahoo ndi Amazon, omwe anali ndi anthu ambiri komanso matumba akuya, akangolowa m'bwalo ndiye kuti kwatha. Panalinso nkhani ya akuba: kutumiza cheke kwa munthu wosamudziwa wa dera lina n'kumadikira phukusi.

Okhulupirira sankayang'ana phindu la $2.4 miliyoni lija. Ankati phindulo lachepa chifukwa kampani ikuthira dala ndalama m'zotsatsa ndi m'makina. Maso awo anali pa mtengo wa katundu yense wodutsa patsambalo, womwe mu 1998 unali pafupifupi $745 miliyoni, ndi pa anthu olembetsa, omwe anali atadutsa 2 miliyoni. Koma mfundo yawo yaikulu inali ya khalidwe la msika. Wogulitsa amapita komwe kuli ogula ambiri chifukwa kumeneko ndi komwe mitengo imapikisanidwa n'kukwera. Wogula amapita komwe kuli katundu wambiri. Aliyense wobwera amawonjezera chifukwa choti wina abwerenso. Amene anagulitsapo tomato akudziwa kuti msika watsopano, ngakhale ukhale ndi denga la malata ndi zimbudzi zabwino, ungakhale mbee pamene anthu akupanikizana m'matope pa msika wakale.

Mfundo imeneyi sinachedwe kuyesedwa. Yahoo inatsegula okushoni yake mu September 1998, yaulere. Amazon inatsegula yake mu March 1999, n'kugwirizananso ndi Sotheby's. Kumapeto kwa 1999 Microsoft, Lycos ndi Excite anaphatikiza mphamvu kudzera ku FairMarket. Onsewa analephera kusuntha ogulitsa. Wogulitsa yemwe anali ndi ndemanga zabwino mazana angapo pa eBay sakanatha kunyamula mbiri imeneyo kupita nayo kwina, ndipo zaulere sizithandiza ngati katundu wako akugulidwa motchipa chifukwa opikisana ndi awiri okha. Yahoo itayamba kulipiritsa mu January 2001, katundu patsamba lake anachepa kwambiri, ndipo mu 2007 inatseka okushoni yake ya ku America. Makampani ena a okushoni monga Onsale ndi uBid, omwe masheya awo anakweranso ndi mphepo yomweyo, ankagula katundu n'kumusunga okha. Dzina linali lofanana koma malonda anali ena, a phindu lopyapyala. Onsale inaphatikizana ndi Egghead mu 1999, ndipo Egghead inagwa mu 2001. Anthu ambiri omwe anaphonya eBay anathamangira kumeneko poganiza kuti ndi mbuzi za khola limodzi.

Mayeso owawa kwambiri anabwera mu June 1999, pamene makina a eBay anazima kwa maola pafupifupi 22. Tangoganizani munthu yemwe okushoni yake ya masiku asanu ndi awiri inkathera usiku umenewo, pamene mitengo imakwera kwambiri m'mphindi zomaliza, iye ali pa kompyuta akungoona uthenga wopepesa. Kampani inabweza malipiro, inati itaya pakati pa $3 miliyoni ndi $5 miliyoni, ndipo m'masiku ochepa sheya inatsika ndi pafupifupi kotala. Ogulitsa anakalipa, ena anakayesa kwa Yahoo ndi Amazon, koma anabwerera. Kwa ine umenewu ndi umboni wamphamvu kuposa wina uliwonse mu fayiloyi: msika womwe watsekera anthu ake chitseko tsiku lathunthu, iwo n'kudikira pakhomo. Kampani inalemba ntchito Maynard Webb kuchokera ku Gateway kuti akonze makinawo.

Akuluakulu a eBay anachita chinthu chimodzi chanzeru pa nthawi ya misalayi. Mu April 1999, mtengo uli m'mwamba, anagulitsa masheya ena pa $170 imodzi n'kuika m'thumba la kampani ndalama zoposa $700 miliyoni, kuposa kakhumi zomwe anapeza polowa pamsika. Eni kampani akamagulitsa pa mtengo womwe inu mukugulira, ndi bwino kudzifunsa kuti pa awirinu akuidziwa bwino nyumbayo ndani. Koma ndalama zimenezo ndi zomwe zinachititsa kuti chilala chikabwera iwo asagwade kwa munthu. Zina anazimwaza ndithu: nyumba yakale ya okushoni ya Butterfield & Butterfield, yomwe anaigula chaka chomwecho pa pafupifupi $260 miliyoni ya masheya, anadzaigulitsa kwa Bonhams mu 2002 isanawapindulire. Pamene Alando, okushoni ya pa intaneti ya ku Germany, yomwe anaigula pa ndalama zochepa kwambiri poyerekeza, inadzakhala msika wawo waukulu kunja kwa America.

Chilala, ndi lonjezo la $3 biliyoni

Nambala yoyezera mitengo ya masheya a pa Nasdaq inafika pachimake pa 10 March 2000, pa 5,048, ndipo pofika October 2002 inali pa 1,114. Makampani a pa intaneti anafa ngati nkhuku za chitopa. Sheya ya eBay inagwa nawo, koma malonda ake sanamve kanthu. Ndalama zolowa zinali $224.7 miliyoni mu 1999, $431.4 miliyoni mu 2000, ndi $748.8 miliyoni mu 2001. Anthu ochotsedwa ntchito ankagulitsa katundu wawo pa eBay, ndipo makampani akugwa ankagulitsira pomwepo mipando ndi makompyuta awo.

Mu September 2000, msika ukuyaka moto, Whitman anauza akatswiri ounika masheya kuti pofika 2005 kampani izilowetsa $3 biliyoni pachaka, kutanthauza kukula ndi theka chaka chilichonse kwa zaka zisanu. Ambiri anapukusa mitu. Inafika pa $3.27 biliyoni mu 2004, chaka chimodzi nthawi isanakwane, phindu lili $778 miliyoni.

Okayikira aja analakwitsa pati? Anayeza msika wa tizidole ndi masitampa, n'kupeza kuti ndi waung'ono, ndipo unalidi waung'ono. Chomwe sanaone n'choti njira yomweyo ingagulitse chilichonse chomwe mtengo wake sudziwika bwino: makompyuta akale, zovala, zida za m'fakitale, ngakhale galimoto. eBay Motors inatsegulidwa mu 2000, ndipo m'zaka zochepa magalimoto ndiwo anali patsogolo pa mtengo wa katundu wogulitsidwa. Vuto la cheke linathetsedwa ndi PayPal, njira yolipirira pa intaneti yomwe ogulitsa anaikonda okha kuposa Billpoint ya eBay, mpaka eBay inagonja n'kuigula mu October 2002 pa $1.5 biliyoni ya masheya. Pa zonse zomwe kampaniyi inagula, imeneyi ndiye inali ng'ombe ya mkaka.

Ming'alu yomwe inaoneka kale

Apa ndi pomwe ndimafuna achinyamata anga achedwepo, chifukwa zizindikiro zinalipo pamene aliyense ankaomba m'manja.

Mphamvu ija yoti ogula amakoka ogulitsa ilibe mwini. Imatumikira amene wayamba kudzaza msika, ndipo imathera pa malire a dziko ndi chilankhulo. Ku Japan, Yahoo Japan inatsegula okushoni mu September 1999. eBay inafika mu February 2000, miyezi isanu yokha pambuyo, ikulipiritsa pamene mnzake sankalipiritsa, ikufunanso makhadi a ngongole omwe achinyamata ambiri kumeneko sankagwiritsa ntchito. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Mu March 2002 eBay inalongedza n'kuchoka. Ndodo yomwe inamenyera Yahoo ku America ndi yomwe inamenyedwa nayo ku Japan.

Ku China anati asachedwenso. Anagula gawo limodzi mwa magawo atatu a EachNet, okushoni ya pa intaneti ya kumeneko, mu 2002 pa $30 miliyoni, ndi zotsalazo mu 2003 pa $150 miliyoni. EachNet ndiyo inali patsogolo kwambiri, ndipo ounika masheya ambiri anayamba kuwerengera China ngati munda wolimidwa kale. Koma msika wa pa intaneti kumeneko unali usanadzaze. Ogula ambiri anali asanabwere n'komwe, kotero kukhala patsogolo pa kagulu koyambako sikunali chitetezo. Mu 2003 kampani ya ku China ya Alibaba inatsegula Taobao, msika wa pa intaneti waulere, wolola wogula ndi wogulitsa kuchezerana n'kunenerera mtengo, ndipo njira yake yolipirira ya Alipay inkasunga ndalama mpaka katundu atafika. Jack Ma, woyambitsa Alibaba, ankayerekeza eBay ndi shaki ya m'nyanja yaikulu, iye n'kudzitcha ng'ona ya mu mtsinje wa Yangtze, kutanthauza kuti ndewu ikachitikira mumtsinje apambana ndi iye. eBay inalonjeza kuthira $100 miliyoni ku China mu 2005. Mu December 2006 inapereka malondawo ku mgwirizano ndi kampani ya kumeneko ya Tom Online, komwe kunali kuchoka mwaulemu.

Mng'alu wina unali kwawo komwe. Anthu anayamba kutopa ndi kudikira sabata kuti adziwe ngati apambana, makamaka pa katundu watsopano yemwe mtengo wake ukudziwika kale. eBay yomwe inayambitsa batani la Buy It Now mu November 2000, ndipo gawo la malonda a mtengo wokhazikika linkakula chaka ndi chaka. Zinkaoneka ngati kupambana, koma pa malonda oterowo mphamvu ija yoti ogula amakoka ogulitsa sinalinso mpanda. Mpikisano wa mitengo umafuna khwimbi pamalo amodzi. Kugula foni pa mtengo wolembedwa kale kumangofuna wotchipa ndi wofulumira kutumiza, ndipo kumeneko kunali kwa Amazon, yomwe inali itatsegula khomo kwa ogulitsa ena, ili ndi nyumba zosungiramo katundu zomwe poyamba anthu ankaziseka kuti ndi mtolo. Google nayo inkathandiza wogula kupeza sitolo iliyonse popanda kudzera pa eBay.

Kumapeto kwa 2004 zonsezi sizinkamveka. Sheya inatseka chaka pa $116, kampani yonse ili pafupifupi $77 biliyoni, kuchulukitsa phindu pafupifupi ka 100. Panalibenso wonena za lotale. Inali kampani yotsimikizika, yomwe inapulumuka chilala ndi kusunga lonjezo lake, yomwe mlangizi aliyense akanaiika m'thumba la mayi wamasiye popanda womudzudzula.

Pa 19 January 2005 kampani inalengeza zotsatira za miyezi itatu yomaliza ya 2004. Phindu pa sheya linali masenti 33 pamene ounika ankayembekezera 34, ndipo zomwe inalosera za chaka chotsatira zinali zofooka pang'ono. Mawa lake sheya inagwa ndi pafupifupi 19 peresenti. Senti imodzi payokha si kanthu. Chomwe chinaopsa anthu n'choti kukula ku America ndi ku Germany kunali kukuchepa liwiro, ndipo mwezi womwewo kampani inali itakweza malipiro a ogulitsa, zomwe ambiri anaziona ngati kukama ng'ombe yomweyo kawiri chifukwa khola lasiya kuswana.

Kenako mu September 2005 anagula Skype, pulogalamu yoyimbirana pa intaneti, pa $2.6 biliyoni, ati ogula ndi ogulitsa aziyimbirana. Ogulitsa ambiri sankafuna n'komwe kuyimbiridwa foni ndi makasitomala. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mu 2007 kampani inalemba m'mabuku kutaya kwa $1.4 biliyoni pa Skype, ndipo mu 2009 inagulitsa gawo lalikulu. Whitman anachoka mu March 2008, John Donahoe n'kulowa.

Ogula anayi

Kuti mitengo ifanane tiyenera kukumbukira kuti sheya inagawidwa kanayi: imodzi kukhala zitatu mu March 1999, kenako imodzi kukhala ziwiri mu 2000, mu 2003 ndi mu 2005. Sheya imodzi ya 1998 inasanduka 24. Pa nthawi yonseyi kampani sinagawe phindu kwa eni masheya. Inadzayamba kutero mu 2019. Kotero chomwe munthu anapeza ndi kusiyana kwa mtengo basi.

Wa $18 uja, tikagawa ndi 24, anagula pa masenti 75. Kumapeto kwa 2004 sheya yomweyo inali pa $58 (ndiyo $116 ija tikagawa pawiri), kuchulukitsa ndalama zake kopitirira ka 70. Ngakhale pa tsiku loipitsitsa la March 2009, sheya ili pafupi ndi $10, anali akadali ndi ndalama zake kuchulukitsa ka 13. Koma tanena kale kuti mtengo umenewu sunali wa anthu ngati inu ndi ine.

Wogula pa $241 kumapeto kwa 1998, yemwe aliyense wanzeru ankamuseka, analipira pafupifupi $10 pa muyeso womwewo. Kumapeto kwa 2000 anali pa $8 ndi timasenti. Kumapeto kwa 2004 ndalama zake zinali zitaswana pafupifupi kasanu ndi kamodzi. Ngati sanagulitse, mu March 2009 anabwerera pomwe anayambira, zaka khumi zapita.

Wa $170 mu April 1999, tikagawa ndi 8 popeza sheya inali itagawidwa kale kamodzi, analipira $21.25. Pasanathe zaka ziwiri anali atataya 60 peresenti, ndipo ambiri otere anagulitsa pomwepo chifukwa mtima si mwala. Wopirira anaona $58 mu 2004, n'kudzaonanso theka la ndalama zake mu 2009.

Wachinayi ndi amene amandisowetsa tulo, chifukwa ndi amene amafanana ndi makasitomala anga. Sanatchove juga. Anadikira zaka zisanu ndi chimodzi kuti aone umboni, anauona, n'kugula pa $58 mu December 2004. Kumapeto kwa 2005 anali pa $43. Kumapeto kwa 2006 anali pa $30, ndipo apa mavuto a zachuma a dziko lonse anali asanayambe, kotero sitingawanamizire. Kumapeto kwa 2008 anali pa $14. M'zaka zinayi zomwezo ndalama zolowa za kampani zinakwera kuchoka pa $3.27 biliyoni kufika pa $8.54 biliyoni, ndipo phindu linakwera kuchoka pa $778 miliyoni kufika pa pafupifupi $1.8 biliyoni. Kampani inakula kopitirira kawiri, iye n'kutaya magawo atatu mwa anayi a ndalama zake.

Masamu omwe ndimachita ndi obwerera chambuyo. M'malo mofunsa ngati kampani ikula, ndimatenga mtengo wa lero n'kufunsa kuti ukufuna phindu lotani kuti ukhale wabwinobwino. Titenge 25 ngati muyeso wa kampani yokhwima. Mtengo wa $9.7 biliyoni wa 1998 unkafuna phindu la pafupifupi $390 miliyoni, kuchulukitsa la nthawiyo ka 160. Zinkamveka ngati nthano, koma mu 2003 eBay inapanga $441 miliyoni. Mtengo wa $77 biliyoni wa 2004 unkafuna phindu la pafupifupi $3 biliyoni, kuchulukitsa kanayi kokha. Limenelo linadzaoneka mu 2011, ndipo ngakhale pamenepo linathandizidwa ndi ndalama zomwe anapeza pa gawo lawo lotsala Microsoft itagula Skype. Kuchulukitsa ka 160 kunatenga zaka zisanu. Kuchulukitsa kanayi kunatenga zisanu ndi ziwiri. Mu 1998 kutsogolo kwa kampani kunali dziko lonse losalimidwa, anthu akungolowa kumene pa intaneti. Mu 2004 minda ya chonde inali italimidwa, Japan itapita, China ikupita, ndipo mtengo unkawerengerabe zokolola za minda imeneyo.

Chinthu china chomwe ndimaonjezera pa masamuwa ndi chiwerengero cha masheya. Aja 40 miliyoni, pa muyeso wa 24, ndi 960 miliyoni. Pofika kumapeto kwa 2004 analipo oposa 1.3 biliyoni, chifukwa chogula makampani ndi masheya komanso kulipira antchito ndi masheya. Nsima inkakula, koma odya nawo ankachuluka.

Yemwe anagwiritsitsa mpaka July 2015 analandira sheya imodzi ya PayPal pa sheya iliyonse ya eBay, makampani awiriwa atalekanitsidwa potsatira kukakamiza kwa Carl Icahn, mmodzi wa eni masheya. Pa tsiku lolekana, msika unaika PayPal pa mtengo woposa wa eBay yomwe inaigula. Chuma chachikulu cha mwini masheya chinadzachokera ku njira yolipirira, yomwe mu 1998 panalibe anaiwerengera chifukwa inali isanabadwe, pamene okushoni yomwe anthu ankailimbirana lero ndi kagawo kochepa ka malonda a patsambalo.

Bambo aja anamvetsera mpaka pamapeto, tiyi atazizira. Anapinda nyuzi yawo n'kufunsa kuti, "Ndiye kampani yangayi, achimwene, ili mu 1998 kapena mu 2004?" Tinatenga lipoti lake la pachaka ndi kakyuleta, n'kuchita masamu obwerera chambuyo aja pa pepala. Mtengo wake unkafuna kuti phindu lichuluke kangapo, ndipo titayamba kutchula komwe makasitomala atsopanowo angachokere, mndandanda unatha msanga. Anagulabe masheyawo, koma ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a ndalama zomwe anabwera nazo, ndipo tinalemba pachikuto cha fayilo yawo manambala awiri oti tidzawaone lipoti lotsatira likatuluka: kuchuluka kwa makasitomala, ndi kuchuluka kwa masheya.